Mimba si mapeto a sukulu

Makolo ambiri ku Ulongwe amaganizabe kuti mtsikana wa ku sekondale akatenga mimba ndiye kuti sukulu yathera pomwepo. Kale zinalidi choncho. Koma mu 1993 boma linasintha lamuloli, ndipo linaliunikanso mu 2018. Mtsikana amayamba wapuma kuti akachire ndi kuyamwitsa mwana, kenaka amabwerera m'kalasi. Chofunika n'choti makolo akaonane ndi ahedi msanga, osati kungomubisa mwanayo kunyumba chifukwa cha manyazi.

Ife nkhaniyi taiikapo mtima chifukwa mtsikana wongokhala sachedwa kukwatiwa, kawirikawiri ndi bambo wamkulu yemwe sanayezetsepo magazi. Ena amathera m'malo omwera mowa a mumsewu wa Liwonde-Mangochi, kusaka ya sopo. Kachilombo ka HIV kamapezerapo mpata pamenepo.

Tisaiwalenso kuti mimba ndi umboni woti anagonana mosadziteteza. Choncho ayambe sikelo msanga ndipo akayezetse magazi. Kuyambira mu 2011, mayi woyembekezera akapezeka ndi kachilombo amayamba kumwa ma ARV nthawi yomweyo, zomwe zimatetezanso mwana wobadwayo. Mnyamata yemwe anapereka mimbayo nayenso akayezetse, asabisale kumbuyo kwa malume ake.