PHALA LOYAMBA: MWANA SADYA YEKHA

Mwana akafika miyezi itatu kapena inai nayamba kulira usiku, m'makomboni a pa Katete Stores ndi pa Boma uphungu sucedwa kubwera. Ambuya ake a mwana amati bere lacepa, mwanayu wamva njala, mpatseni kaphala. Anansi nao amavomereza. Amai amene amagulitsa pa msika amaona kuti uphunguwo uwapeputsa, pakuti phala angamwetse aliyense wotsala pa nyumba. Motero kasupuni koyamba kamalowa m'kamwa nthawi isanakwane.

Anamwino a ku sikelo, kaya ku cipatala ca St Francis, ku Nyanje m'boma la Sinda kapena ku makiliniki a ku Vubwi, amaphunzitsa zina: bere lokha kwa miyezi 6, popanda madzi, tiyi kapena mankhwala a zitsamba, ndipo pambuyo pace cakudya pamodzi ndi bere kufikira zaka 2 kapena kupitirira. Ambuya amene analera ana m'zaka za m'ma 1990 sakunama akati iwo anaphunzira mosiyana. Nthawi imeneyo anali kuuzidwa kuyamba phala pakati pa miyezi 4 ndi 6. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linasintha uphungu umenewu mu 2001, ndipo zimene akatswiri apeza m'matumbo a makanda kucokera pamenepo zikuonetsa cifukwa cace kudikira kuli kwabwino.

TIZILOMBO TABWINO

Tinazolowera kumva kuti tizilombo tosaoneka ndi maso timabweretsa matenda. Koma m'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tambirimbiri tothandiza. Mwa khanda loyamwa, tocuruka kwambiri ndi ta mtundu wochedwa Bifidobacterium.

Mu mkaka wa m'mawere muli mtundu wina wa shuga umene mwana sangathe kuugaya. Shuga ameneyu amadutsa m'mimba osagayika, nakafika ku matumbo akuru kumene amakhala cakudya ca tizilombo tabwinoto. Tikamadya timaturutsa timadzi towawasa, ndipo m'malo owawasa otere tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba timalephera kuswana. Ndiye kuti mai akamayamwitsa akudyetsa awiri: mwana, ndi alonda a m'matumbo mwace.

Phala likabwera msanga, mwana amacepetsa kuyamwa, alonda aja amacepa, ndipo khomo limatseguka kwa tizilombo toipa ta pa supuni, m'kapu ndi m'madzi. Kwa amai amene ali ndi kacilombo ka HIV, kusakaniza bere ndi zakudya zina miyezi 6 isanakwane kumaonjezera ngozi yopatsira mwana. Iwo ayenera kumwa ma ARV mosadumphitsa ndi kutsata uphungu wa ku cipatala pa za kuyamwitsa.

MIYEZI 6 IKAKWANA

Kucedwetsa nakonso si kwabwino. Pa msinkhu umenewu bere lokha silikwaniranso, makamaka pa mcere wa ayironi wopanga magazi, umene nkhokwe yace mwana anabadwa nayo imakhala ikutha. Cakudya catsopano cimaitananso tizilombo tatsopano, todziwa kugaya zakudya monga nyemba, masamba ndi zipatso. Pang'onopang'ono matumbo amakhwima, ndipo pofika zaka 3 amafanana ndi a munthu wamkuru.

Ulendo umenewu ufunika kuyenda mosathamanga. Akatswiri a ku Sweden anaonetsa mu 2015 kuti cimene cimasinthiratu tizilombo ta m'matumbo ndi kuletsa bere, kuposa kungoyamba cakudya. Mwana amene akudya phala koma akali kuyamwa amasungabe alonda ace akale pamene atsopano akukhazikika. Ndiponso pakati pa miyezi 6 ndi 12 bere limapereka theka la mphamvu zimene mwana afuna, ndipo m'caka caciwiri gawo limodzi mwa magawo atatu.

Kwa anansi athu ku Malawi kunacitika kafukufuku amene zotsatira zace zinaturuka mu 2013. Madokotala anatsatira mapasa a m'mabanja 317. M'mabanja ena mwana mmodzi anadwala matenda otupikana a kwashiorkor pamene mnzace anali bwino, ngakhale anali kudya mbale imodzi. Atatenga tizilombo ta m'matumbo mwa odwalawo nakuika mwa mbewa zoyeserapo, zimene anazidyetsa cakudya ca cimanga ndi masamba, mbewazo zinaonda kwambiri. Zimene zinalandira tizilombo ta ana abwino sizinaonde motero. Apa panaoneka kuti kukula kwa mwana kumadalira cakudya pamodzi ndi amene akucigaya m'kati.

Nanga ndi cakudya cotani cimene cimalera tizilombo tabwino? Ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, ana operewera cakudya anapatsidwa cosakaniza ca ufa wa nshawa, ufa wa soya, nthoci zosapsya ndi mtundu wa nyemba wochedwa chickpea. Lipoti la mu 2021 linaonetsa kuti pa miyezi itatu anawo ananenepa msanga kuposa anzao amene analandira cakudya ca nthawi zonse ca ana operewera. Nshawa, soya ndi nthoci, kuno kwathu ku M'mawa timalima tokha.

PHALA LENILENI

Bvuto lathu lalikuru ndi phala lamadzimadzi la ufa woyera ndi shuga. Limadzaza kamimba koma mphamvu mulibe. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti m'Zambia ana 70 mwa 100 osafika miyezi 6 anali kuyamwa bere lokha, cimene ndi cinthu conyadira. Koma mwa ana a miyezi 6 kufikira 23, ndi 13 okha mwa 100 amene anali kulandira cakudya cokwanira ndi cosiyanasiyana, ndipo ana 35 mwa 100 osafika zaka 5 anali opinimbira. Pa bere tikucita bwino. Tikugwa pa mbale.

Phala likhale lolimba, losayenderera pa supuni. Phikani ndi mgaiwa, nimuikemo nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, ndi kasupuni ka saladi. Tsiku lina sinjani kapenta kukhala ufa, tsiku lina ikani dzira lopsya bwino, kayera wopota, ciwindi ca nkhuku, kapena cibwabwa ndi bonongwe zosinja. Kandolo wofiira m'kati, maungu, mapapaya ndi mango zili ndi vitamini A. Msuzi wokha pa kansima si ndiwo. Mwana adye ndiwo yeniyeniyo, yopotedwa.

Sankhani nshawa bwino musanasinje. Zofota, zoola ndi za nkhungu zimakhala ndi poizoni wa aflatoxin amene amaononga ciwindi, ndipo kuphika sikumucotsa. Zimenezi tayani.

Pa miyezi 6 kufikira 8 yambani ndi masupuni akuru awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu pa tsiku, nimuonjezere kufikira theka la kapu. Pa miyezi 9 kufikira 11 adye katatu kapena kanai. Akakwana caka adye cakudya ca banja, m'kambale kace yekha kuti muone kucuruka kwa cimene wadya. Tiyi, zakumwa zotsekemera ndi tokhwasula ta m'mapaketi musampatse. Uci udikire kufikira atakwanitsa caka. Akakana cakudya catsopano musamkakamize pomtseka mphuno, yesaninso mawa.

Musadabwe cimbudzi ca mwana cikasintha mtundu ndi fungo m'masabata oyamba. Ndico cizindikiro ca kusintha kwa m'matumbo.

UKHONDO

Cakudya cabwino m'mbale yakuda ndi nchito yacabe. Madokotala a pa cipatala ca UTH ku Lusaka, pofufuza ana opinimbira a m'komboni ya Misisi, anapeza kuti ambiri anali ndi mitundu ingapo ya tizilombo toipa nthawi imodzi, ngakhale sanali kutsegula m'mimba. Tinthu tonga tizala timene timayamwa cakudya m'kati mwa matumbo tinali titafupika. Mwana wotere amadya koma thupi silipindula mokwanira.

Cifukwa cace sambani m'manja ndi sopo musanaphike, musanadyetse mwana, ndiponso mukacoka ku cimbudzi kapena mukasintha thewera. Madzi akumwa muwiritse kapena muikemo Clorin. Dyetsani ndi kapu ndi supuni, pakuti botolo ndi lobvuta kutsuka. Phala lophika m'mawa lisadikire madzulo m'fulasiki kapena pa thebulo. M'nyengo yotentha ya October ndi November maola awiri akwanira kuti liyambe kuonongeka. Ngati makala abvuta, phikani locepa, ndipo lotsala muliwiritsenso kufikira litabwata. Pamene mwana amakwawa pasakhale zitosi za nkhuku.

Mwana akatsegula m'mimba musaleke kuyamwitsa kapena kudyetsa. Mpatseni madzi a moyo a ORS ndi mapiritsi a zinki a ku kiliniki. Liwombo likalowa, maso akalowa m'kati, akakana kuyamwa kapena mukaona magazi m'cimbudzi, thamangirani ku cipatala tsiku lomwelo. Katemera wa rotavirus, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2013, amachinjiriza ku kutsegula m'mimba koopsya. Onani pa khadi ngati mwana analandira.

Inu azibambo, pokolola nshawa ndi soya musagulitse zonse. Siyani thumba la mwana. Inu ambuya, mau anu amamveka pa nyumba kuposa a namwino, motero perekezani mpongozi wanu ku sikelo mukamve pamodzi. Akuru anati mmera mpoyamba. Mwezi uliwonse yang'anani mzere wa pa khadi, ndipo ukaima kapena kutsika funsani anamwino mwezi womwewo.