Ndalama zikatsala ku khonsolo, Dwangwa ayambire pati?

Mayi wogulitsa usipa pamsika wa Dwangwa amadula chiphaso cha msika tsiku lililonse, nthawi zina asanagulitse n'komwe mulu woyamba. Wa tomato naye amadula, wa kaunjika chimodzimodzi, ndipo wa golosale amalipira laisensi yake chaka ndi chaka. Ndalama zimenezi zimapita ku khonsolo ya Nkhotakota, poti Dwangwa, ngakhale pali fakitale ya shuga ya Illovo, kampani ya Ethco, mabanki ndi chipiringu cha akabaza pamsewu wa M5, alibe khonsolo yakeyake. Bajeti yake imakambidwa ku boma, ulendo wa makilomita oposa 50 chakummwera.

Ndiye tiyerekeze kuti chaka cha boma chatha pa 31 March, awerengera zonse, ndipo kangachepe katsala. Kapite kuti?

Ambiri mwaseka kale, ndikudziwa. Khonsolo ya ku Malawi kutsala ndi ndalama? Nthawi zambiri zimene timamva ndi za ngongole ndi malipiro ochedwa a antchito. Komabe ndalama zotsala zimakhalapo, kungoti sizitsala chifukwa cholemera. Zimatsala chifukwa zinafika mochedwa kuchokera ku Lilongwe, kapena kontirakitala sanamalize ntchito, kapena chitukuko china chatsika mtengo kusiyana ndi mmene anaganizira. Nthawi zinanso msika umatolera zambiri kuposa zimene analemba mu bajeti, makamaka miyezi yodula nzimbe pamene anthu ali ndi kenakake m'thumba.

Apa pali chinthu chimene ambiri sitichidziwa, ndipo n'chimene chimatigonjetsa pamikangano ya pa WhatsApp. Ndalama za khonsolo sizikhala m'thumba limodzi. Zambiri zimachokera ku boma lalikulu kudzera ku National Local Government Finance Committee, ndipo zimabwera zitalembedwa kale ntchito yake: izi n'za maphunziro, izi n'za umoyo, izi n'za ulimi. Za choko sungagulire simenti ya chimbudzi cha pamsika, ngakhale utalira bwanji. Palinso District Development Fund, komanso thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, CDF ija, lomwe linayamba mu 2006 ndipo mu bajeti ya 2024/25 linafika pa K200 miliyoni dera lililonse. Ndalama zimene khonsolo ili nazo ufulu wochuluka n'zimene yatolera yokha: za ziphaso za msika, malaisensi, madepoti. Kunena mwachidule, ndalama za mayi wa usipa uja. N'chifukwa chake iyeyo ali ndi pakamwa pofunsira.

Ndipo kusunga ndalama osazigwiritsa ntchito si chinthu chonyadira. Pansi pa pulojekiti ya GESD, yomwe Banki Yaikulu Padziko Lonse inaikamo madola 100 miliyoni mu 2020, makhonsolo amayesedwa chaka ndi chaka mmene ayendetsera chuma ndi zitukuko, ndipo yolephera mayesowo imatha kumanidwa ndalama zowonjezera.

Tsono tiyambire pati? Maganizo anga ndi akuti tiyambire pamadzi ndi pachimbudzi, ndipo zifukwa zake anthu a pa Dwangwa anaziona ndi maso.

Kolera amene anabuka mu March 2022 ku Machinga anafalikira dziko lonse, n'kudwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Maboma a m'mphepete mwa nyanja, Nkhotakota ali momwemo, anavutika kwambiri. Kolera sasankha kuti uyu ndi wa ku fakitale, uyu ndi msodzi. Amayenda ndi madzi akumwa amene akumana ndi chimbudzi, ndiye pamene pali anthu ambiri, zakudya zogulitsa poyera ndi zimbudzi zochepa, pamenepo ndiye kwawo. Dothi la mchenga la kunyanja limawonjezera vuto: dzenje la chimbudzi limagumuka msanga, ndipo madzi apansi ali pafupi. Chimbudzi chokumba mwachisawawa chimatha dzinja limodzi basi. Chofunika ndi chomangira njerwa kuyambira pansi, chokwezeka, chokhala ndi pothira madzi osamba m'manja komanso munthu wochisamala amene amalipidwa. Mbali yomalizayi ndi imene timaiiwala. Chimbudzi chatsopano chopanda wochikolopa chimakhala chotseka ndi loko pakangotha miyezi ingapo, anthu n'kubwerera kuseri kwa mabenchi.

Kenako kunabwera madzi osefukira kumapeto kwa February 2024. Mitsinje inadzaza, madzi analowa m'nyumba ndi m'minda m'dera la Senior Chief Kanyenda, anthu ena anataya miyoyo, masauzande anakagona m'misasa, ndipo msewu wa M5 unaduka. Kangachepe ka khonsolo sikangaletse mtsinje wa Dwangwa kusefukira, tisanamizane. Koma kangathe kufukula ngalande zotsekeka ndi mapepala apulasitiki mvula isanayambe, kukonza makalavati a m'misewu ya m'makwalala, ndi kuchotsa milu ya zinyalala imene imakokoloka n'kukathera pachitsime. Ngalande yoyenda bwino imachepetsanso zithaphwi zoswanirana udzudzu, ndipo malungo kuno si nkhani yachilendo. Si pachabe kuti ntchito yopopera mankhwala a udzudzu m'nyumba inayesedwa m'boma la Nkhotakota mu 2007.

Mijigo nayo. Mjigo wakufa nthawi zambiri sunafe wonse ayi. Chatha ndi kamphira ka mkati kapena ndodo yathyoka. Kuukonza n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi kukumba watsopano, koma kukonza kulibe mwambo wodula riboni, ndiye sikukoma kwa ofuna kujambulidwa. Mjigo ukafa amayi amabwerera kumtsinje kapena kunyanja, ana n'kumasamba m'madzi odikha momwe muli nkhono zofalitsa likodzo.

Ena adzati ndalama ipite kuchipatala cha Nkhunga, ndipo sakulakwa. Mayi woyembekezera amene zamuvuta usiku amafunika ambulansi yokhala ndi mafuta kuti akafike kuchipatala chachikulu ku boma. Koma mafuta amatha sabata yomweyo, ndipo ayenera kukhala mu bajeti ya zaumoyo ya mwezi ndi mwezi. Ndalama yongotsala kamodzi imakoma kuiika pa chinthu chimene chidzakhalepo zaka: denga la chidikiro cha amayi oyembekezera, sola ya kumalo ochilira, njinga za alangizi a zaumoyo amene amayendetsa sikelo ndi chipatala cha ana m'midzi. Chimene ndingakane ine ndi kuyamba nyumba yaikulu ndi ndalama yosakwana. Dziko lino ladzaza kale ndi maziko omera udzu.

Funso lotsala n'lakuti amasankha ndani. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linaika njira yoti maganizo azichokera pansi: komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, imatumiza zofuna za anthu ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kenako zimafika ku khonsolo kumene makhansala amavota. Papepala n'zokongola. Koma pitani kumsonkhano wa VDC mukawerenge achinyamata amene alipo. Ife timakhala otanganidwa kudandaula pa Facebook, pamene ndandanda wa zitukuko ukulembedwa pansi pa mtengo wa mango ndi akuluakulu asanu ndi awiri. Mu May 2025 khoti linagamula kuti aphungu kuvota m'khonsolo ndi kuyendetsa CDF n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, pamlandu umene unabwera ndi bungwe la makhonsolo la MALGA. Mkangano umenewo ndi wa akuluakulu, koma ukusonyeza kuti mpando wosankhira zitukuko anthu amaulimbirana zedi.

Kunja kuli amene anayesa njira ina. Mzinda wa Porto Alegre ku Brazil unayamba mu 1989 kuitana anthu wamba m'madera mwawo kuti asankhe okha ntchito zoti gawo lina la bajeti ligwire. Zimene anthu osauka anaika patsogolo zinali madzi, mapaipi a zonyansa ndi misewu ya m'makwalala. Zomwezi tikukambazi.

Foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi ingagwire ntchito pano. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndiye kulemba kalata yofunsa kuti msika wa Dwangwa unatolera zingati chaka chatha, ndipo zingati zinabwerera kudzagwira ntchito pamsikapo, si mwano ayi. Khansala wa dera lanu mufunseni mwaulemu, "Bambo khansala, mjigo wa kwathu uli pa nambala chani pa ndandanda wanu?" Jambulani ngalande yotsekekayo, lembani tsiku ndi malo, mupite nacho chithunzicho ku VDC muli anthu khumi, osati nokha. Ndipo musadikire March. Bajeti ya chaka chotsatira imayamba kukonzedwa miyezi ingapo chaka cha boma chisanathe, pomwe ngalande zimafunika kufukula mu October, mvula yoyamba isanagwe.