Tsiku lotsanzikana ndi Dar es Salaam

Matikiti a basi yobwerera ku Mbeya anali kale m'thumba, katundu titamanga dzulo lake, koma amayi anakana kukhala pakhomo. "Masiku asanu onsewa mwangondizunguza m'masitolo. Ndikafika ku Kaseye, anzanga akandifunsa za nyanja yamchere ndikawauza chiyani?" Achimwene, amene akhala zaka zambiri mumzindawu akugulitsa nsalu, anatseka malonda awo tsiku limenelo.

Tinakwera mwendokasi, mabasi aatali abuluu aja amene ali ndi njira yawoyawo pakati pa msewu wa Morogoro chiyambire 2016. Anatitula ku Kivukoni, kumene fungo la nsomba limakulonjera usanauone msika. Amayi anazolowera usipa wouma wochokera ku Karonga. Apa anaima kukamwa kuli yasa, kuyang'ana nsomba yotalika ngati mwana wa sukulu ikudulidwa ndi chikwanje. Mnyamata wina anawanyamulira chinyama cha miyendo isanu ndi itatu chimene kumeneko amati pweza, iwo n'kubwerera m'mbuyo atagwira pachifuwa.

Pantoni yowolotsa anthu kupita ku Kigamboni imatenga mphindi zochepa chabe. Tili pakati pa madzi, achimwene analoza sitima zikuluzikulu padoko, n'kunena kuti mathanki ambiri a mafuta amene amalowa ku Malawi kudzera pa Songwe amadzazira komweku. Tsidya lija amayi anavula nsapato, anapinda chitenje, n'kulowa m'madzi mpaka m'maondo. Anatunga pachikhatho, analawa, analavula, kenaka anaseka mpaka misozi. Botolo lomwe munali madzi akumwa analidzaza madzi a m'nyanja, ati amayi anzawo a kutchalitchi akalawe okha.

Titawolokanso tinalowa m'tchalitchi cha St Joseph, chimene amishoni a ku Germany anamanga pakati pa 1897 ndi 1902 moyang'anana ndi doko. Amayi anagwada kanthawi monga amachitira ku mishoni ya Kaseye. Ine ndinkaganiza kuti ulendo wathera pomwepo, koma achimwene anati tidzere mumsewu wa Samora.

Pamphambano ina pali chipilala cha Askari. Msilikali wamkuwa waima chilili, mfuti yake ya mpeni kunsonga italoza kudoko. Anachiimika mu 1927 pamalo pamene kale panali chifanizo cha Mjeremani Hermann von Wissmann. Magalimoto amangochizungulira, anthu amadutsa osachiponyera diso. Koma m'mbali mwake muli zithunzi zosula za asilikali ndi za amuna osenza mitolo pamutu, ndipo amayi maso awo anakakamira pa amuna amenewo.

"Awa si amtengatenga awa?" anafunsa motsitsa mawu.

Analidi iwo. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya, kwathu sinali nkhani yakutali. Tsidya la mtsinje wa Songwe linali dziko la Ajeremani. Pa 9 September 1914 mfuti zinalira ku Karonga, ndipo mu 1916 asilikali a General Edward Northey anawoloka malire kulowera ku Tukuyu. Chitipa, imene nthawiyo inkatchedwa Fort Hill, inali panjira penipeni pa nkhondoyo. Kopanda misewu ya magalimoto, ufa, zipolopolo ndi mahema zinkayenda pamitu ya anthu. Amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anasenza katundu wa nkhondoyo, ambiri mochita kugwidwa, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi malungo.

Amayi anakhala pansi m'mbali mwa msewu, n'kuyamba kusimba zimene ine, mwana wawo, ndinali ndisanamvepo. Agogo awo aamuna anatengedwa ali kumunda, khasu n'kulisiya pamzere. Kumudzi anadikira dzinja limodzi, lachiwiri, mpaka ena anayamba kunong'ona za maliro. Anabwera ali mafupa okhaokha, tsitsi la paliwombo litathothoka, ndipo mpaka imfa yawo sankalola mwana wamwamuna kusenza kanthu pamutu iwo akuona. Anzawo awiri amene anachoka nawo limodzi sanabwerere, ngakhale manda awo palibe amene anawaona.

Achimwene anangoti duu, kenaka anati: "Amayi, Kariakoo imene ndimagulitsirako ija, dzina lake linachokera kwa anthu omwewa." N'zoona. Pamalopo panali msasa wa gulu la onyamula katundu limene Angerezi ankalitcha Carrier Corps, ndipo lilime la Chiswahili linaliwumba dzinalo kukhala Kariakoo. Amalawi ambirimbiri amapita kumeneko kukapikula zitenje, nsapato ndi ziwiya, ena amatuluka atasenza mabelo pamutu, koma ndi angati amene anauzidwapo za dzinali? Chimene chinandipweteka ine n'chakuti pachipilalapo pali mawu a Chingerezi ndi Chiswahili oyamikira anthuwo, koma palibe dzina la munthu ngakhale mmodzi. Anawawerenga ngati mitolo imene ankasenzayo.

Madzulo tinadya chipsi mayai pakakhitchini ka m'mbali mwa msewu, amayi akungotola pang'onopang'ono. M'bandakucha tinali pa siteshoni ya mabasi ya Magufuli ku Mbezi, kutsogolo kwathu kuli ulendo wa tsiku lathunthu kudzera ku Morogoro, Mikumi ndi Iringa. Botolo lija analikulunga m'chitenje n'kulifukata pamiyendo. Basi isananyamuke anaitana mdzukulu wawo wobadwira ku Dar es Salaam, amene Chilambya amangochimva patalipatali, n'kumugwira dzanja pawindo. Anamutchulira dzina la agogo aja katatu, mwanayo akubwereza, mpaka analitchula bwino.