Zobisika Mumpope wa Mfuti ya Kumunda

Chimanga chikayamba kukhwima m'minda ya kwa Mphuka, misasa ya alonda imadzaza. Anyani amatsika masana, nguluwe zimalowa usiku, ndipo olima m'mbali mwa mtsinje amagona khutu lili kwa mvuu. Apa m'pamene mlimi wokhala ndi mfuti ya laisensi amaitsitsa pamene anaipachika chaka chatha. Ambiri amapukuta kunja mpaka chitsulo chiwale, koma sasuzumira mumpope, mmene ngozi imakhala.

Mfuti si zachilendo m'chigwa chino. Achikunda a ku Zumbo ndi Feira ankasaka njovu ndi magogodela m'zaka za m'ma 1800. Onga wakuda wa gogodela umasiya mwaye wokoka chinyezi, motero mpope wake umatsukidwa ndi madzi otentha tsiku lomwelo. Mfuti za makono zili ndi litsiro lina limene madzi sangachotse: mtovu ndi kopa.

Mtovu ndi wofewa, ndipo umasungunuka pa madigiri 327 okha. Machaka kapena chipolopolo cha .22 zikamadutsa mumpope zimasiya timamba totuwa tokanirira ku chitsulo. Zipolopolo za mfuti zazikulu zimakutidwa ndi kopa, amene amamatirira m'mizere yopota imene imazunguza chipolopolo. Zokanirirazi zikachuluka, mfuti imayamba kuphonya kapena kungovulaza, ndipo mlenje aliyense adziwa kuopsa kwa nguluwe yovulala. Pansi pa litsirolo pamabisalanso chinyezi cha nyengo ya dzinja, ndipo dzimbiri limakumba chitsulo mwakachetechete.

Musanayambe kutsuka, chotsani zipolopolo zonse, muziike kutali, ndipo tsimikizani ndi maso ndi chala kuti mfuti ilibe kanthu. Kenaka yang'anani mumpope kuchokera kumbuyo, mutaulozetsa kowala. Mavu omanga ndi matope amakonda mfuti yopachikidwa nthawi yaitali, ndipo mpope wotsekeka umaphulikira m'manja mwa mwini wake. Chakudza sichiimba ng'oma.

Pochotsa mtovu, nyowetsani kansalu ndi mankhwala otsukira mfuti, mukapititse mumpope ndi kandodo kake, ndipo dikirani mphindi khumi. Tsatirani ndi burashi ya mkuwa, kuyambira kumbuyo ngati mfutiyo ilola, ndipo burashiyo izituluka kaye musanaibweze. Pukutani ndi nsalu zouma kufikira timamba tisiye kuoneka. Mtovu wouma mutu umachoka mukakulunga pa burashi yakale timawaya ta kopa weniweni. Tiyeseni kaye ndi maginito: tikamatirira, ndi chitsulo chongopakidwa kopa, ndipo tidzakanda mpope.

Kopa amafuna mankhwala okhala ndi amoniya. Kansalu kakatuluka kabuluu, ndiye kuti kopa akusungunuka. Bwerezani mpaka mtunduwo uthe. Pano gwiritsani burashi ya nayiloni, pakuti ya mkuwa nayonso imadyeka ndi amoniya n'kukunamizani kuti litsiro likadalipo. Musasiye mankhwalawa mumpope kupitirira nthawi yolembedwa pa botolo. Mukamaliza, umitsani, mupake mafuta pang'ono, ndipo muwapukute musanaombenso. Mchenga, phulusa, msomali ndi asidi wa batire zisayandikire mpope, makamaka kukamwa kwake, pakuti pakakandika pamenepo mfuti siilondolanso. Musasakanizenso viniga ndi hydrogen peroxide monga amachitira ena: mtovu umasungunukadi, koma madzi otsalawo ndi poizoni.

Nkhani yaikulu ili pa mtovu umene wachokawo. Dziko lathu lauphunzira mowawa. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma ana a m'makomboni oyandikana nawo akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi. Bungwe la World Health Organization likunena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Umaononga ubongo wa mwana, ndipo umafika kwa khanda lili m'mimba. Kansalu kakuda kamene mwatsukira mfuti kali ndi mtovu womwewo.

Choncho tsukirani panja, kutali ndi khitchini ndi nkhokwe, ana ndi amayi oyembekezera ali patali. Musadye kanthu pogwira ntchitoyi, ndipo sambani m'manja ndi sopo mukamaliza. Nsalu zotsukira zisungidwe m'chitini chotseka. Zisaponyedwe pamoto wophikira kapena pafupi ndi chitsime. Mpoto umene wina wasungunuliramo mtovu wa batire, kaya wa machaka kaya wolemeretsa ukonde, usabwererenso pamafuwa.

Mfuti yoyera siipatsa munthu ufulu woomba chilichonse. Lamulo la nyama zakuthengo la 2015 linaika nkhani ya njovu, mvuu ndi ng'ona zovutitsa anthu m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife, ndipo njovu zikalowa m'munda, kumeneko ndiko kokanena. Inu amene mukubwerera kumudzi maphunziro atatha, mukapeza mfuti ya pabanja ili ndi maenje a dzimbiri, yotupa mpope kapena yopanda laisensi, musapite nayo kumsasa. Yoonongeka ipite kwa mmisiri wovomerezeka, ndipo yopanda mapepala ikaperekedwe kupolisi ku Luangwa boma.