Chiwongoladzanja cha ku banki chimachokera kuti?

Wophunzira digiri ya bizinesi ku MUBAS, yomwe kale tinkaitcha Polytechnic, kapena ku yunivesite ina iliyonse, sangalithawe phunziro la macroeconomics. Ambiri amangofuna kukhoza mayeso n'kuliiwala. Zimenezi zimandidandaulitsa, chifukwa ndi phunziro lomweli lomwe limafotokoza chimene chimadulitsa ngongole ya ku banki, ndipo nkhani yake imayambira pamsika.

Mwezi uliwonse, antchito a National Statistical Office, yomwe likulu lake lili ku Zomba, amalemba mitengo m'misika ndi m'masitolo: chimanga, sopo, mafuta ophikira, lendi, ulendo wa minibasi. Akaphatikiza zonse, amalengeza kuti mitengo yakwera motani poyerekeza ndi chaka chapitacho. Chakudya ndicho chimatenga gawo lalikulu pa kawerengedwe kameneka, choncho mvula ikavuta chimanga n'kudula, chiwerengerocho chimakwera nacho.

Kenako chimafika ku Reserve Bank of Malawi, komwe komiti yoona za kayendedwe ka ndalama imakumana miyezi itatu iliyonse n'kuika mlingo wa chiwongoladzanja womwe mabanki amatsatira. Kumayambiriro kwa 2024 idaukweza kufika pa 26 peresenti. Mabanki nawo amaonjezerapo pawo. Cholinga chake n'chakuti ngongole ikadula anthu abwereke pang'ono, ndalama zichepe m'manja, mitengo ifatse. Apa wophunzira wanzeru ayenera kukweza dzanja m'kalasi. Chiwongoladzanja sichigwetsa mvula. Ngati mitengo yakwera chifukwa cha chilala, mankhwalawa akuchiza chiyani, ndipo akupweteka ndani? Pa funsoli akatswiri a zachuma amatsutsana mpaka lero.

Nkhani ya kwacha nayo ili m'phunziro lomweli. Mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala timagula kunja ndi madola, pomwe madola ambiri timawapeza tikagulitsa fodya, ndipo sakwanira. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700. Mwini sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe akamva zotere, amafufuta mitengo ngakhale pa utoto ndi maloko zomwe zili kale pa shelefu. Makasitomala amati ndi umbombo, koma iye akuwerengera ndalama zomwe adzafune kuti aodenso katundu yemweyo.

Boma nalo limabwereka. Msonkho ukapanda kukwanira bajeti yomwe aphungu avomereza, limatenga ngongole kumabanki omwewa, ndipo banki imaona kuti kubwereketsa boma n'kosavuta kusiyana ndi kubwereketsa mayi wofuna kukuza chigayo chake.

Komiti ya ku Reserve Bank ija ikamaliza kukumana, imatulutsa chikalata chofotokoza zomwe yagamula ndi zifukwa zake. Chimapezeka pa intaneti kwaulere, chimodzimodzi mitengo yomwe a ku Zomba amalengeza, ndipo nzika iliyonse ili ndi ufulu wochiwerenga n'kufunsa phungu wake za ngongole zomwe boma likutenga.