Nambala za madzi zimene zimaoloka malire

FINGOÈ — Nyanja ya Cahora Bassa ikabwerera m'mbuyo, mabwato n'kutsala pamatope, asodzi a kumwera kwa boma la Marávia amati mvula yavuta. Zoona, koma mvula yake si ya kuno yokha. Madzi ambiri a nyanjayi amagwa ku Angola ndi ku Zambia. Amadutsa pa damu la Kariba, ena amatsika ndi mitsinje ya Kafue ndi Luangwa. Woyang'anira zitseko za damu lathu ku Songo akapanda kuuzidwa msanga kuti kumtunda kukubwera madzi ochuluka bwanji, amagwira ntchito mumdima.

Mu 1978 Kariba inataya madzi ambiri, nayo Cahora Bassa inatsegula zitseko zake, ndipo chigwa cha kumunsi chinamira. Anthu pafupifupi 45 anafa, ena ngati 100,000 anathawa m'nyumba zawo. Nthawi imeneyo malire a Moçambique ndi Rhodesia anali otseka kuyambira 1976, ndipo inali nkhondo. Maboma odana sauzana za msinkhu wa mtsinje.

Akatswiri a madzi ndi a nyengo ndiwo analambula njira. Mu 1987, mfuti zikulirabe m'chigawo cha Tete, mayiko asanu anasaina ku Harare pulani yosamalira Zambezi yotchedwa ZACPLAN, mothandizidwa ndi UNEP, nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe. Kuyambira 1997 akatswiri a nyengo a mayiko a SADC amakumana chaka ndi chaka mvula isanayambe, n'kutulutsa ulosi umodzi wa dzinja.

Andale anachedwa, monga mwa masiku onse. Pangano lokhazikitsa ZAMCOM, bungwe la mayiko asanu ndi atatu a mtsinjewu, linasainidwa ku Kasane, Botswana, mu 2004, koma linayamba kugwira ntchito mu 2011. Zambia, yomwe ili ndi gawo lalikulu la dera lothira madzi mu Zambezi, sinasaine ku Kasane. Inalowa pambuyo pake. Lero likulu la bungweli lili ku Harare, ndipo oyendetsa madamu a Kariba, Kafue ndi Cahora Bassa amatumizirana nambala za mvula, za msinkhu wa madzi ndi za nthawi yotsegula zitseko.

Nsomba nazo sizidziwa malire. Kapenta amene amayanikidwa m'mbali mwa nyanjayi si mbadwa ya Zambezi. Akatswiri anamutenga ku nyanja ya Tanganyika n'kukamuika ku Kariba mu 1967 ndi 1968, ndipo anatsika yekha ndi mtsinje kufika kuno, opanda pasipoti.

Nambala sizigwetsa mvula. Pa chilala cha 2024 Kariba inatsika kwambiri, Cahora Bassa nayo inatsika. Chosiyana ndi 1978 n'chakuti ku Songo anadziwiratu. Chimene chikusowa n'chakuti uthenga wochoka ku Harare kupita ku Songo uzifikanso pagombe la Marávia, m'Chinyanja, msodzi asanakongole ndalama za ukonde watsopano, mlimi wa dimba asanabzale m'mphepete mwa madzi amene mawa adzakwera.