Ndani apepese za ukapolo wa ku Chilwa?

Tsiku la msika pa Songani, m'mbali mwa msewu wa Zomba-Liwonde, Myao, Mnyanja ndi Mlomwe amayala malonda moyandikana: uyu matemba a ku Kachulu, uyo mpunga wa ku Domasi wopima pa mbale. Palibe wofunsa mnzake kuti makolo ake anali mbali iti m'masiku a ukapolo. Chikhalirecho dera lino ukapolo linauona ndi maso.

Pamene David Livingstone ndi John Kirk ankafika pa nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, mafumu a Chiyao anali atayamba kulowa m'dziko la Anyanja ndi mfuti zogula kwa amalonda a kugombe. Minyanga ndi anthu zinkapita ku Quelimane ndi Kilwa, nsalu ndi wonga zinkabwera. Anyanja ambiri anathawira pachilumba cha Chisi. Kawinga, mmodzi mwa mafumu a Chiyaowo, anakhazikika paphiri la Chikala, ndipo mu 1895 anathira nkhondo midzi ya mfumu Malemia, pafupi ndi mishoni ya Domasi imene Asikotishi anatsegula mu 1884. Chaka chomwecho asilikali a boma la Harry Johnston anamugonjetsa. Aliyense asafulumire kuwombera m'manja azunguwo: mfuti zitaleka kulira, kunabwera msonkho wa nyumba ndi thangata.

Kwina nkhani zoterezi anthu akuzifukula. Mu 1999 Mathieu Kérékou, mtsogoleri wa Benin, anapepesa kwa anthu akuda a ku America chifukwa mafumu a kwawo ankagulitsa anzawo. Mfumu Willem-Alexander ya ku Netherlands inapepesa pa 1 Julaye 2023. Chaka chomwecho Rishi Sunak, nduna yayikulu ya Britain pa nthawiyo, anakana, ngakhale dziko lake pothetsa ukapolo mu 1833 linapereka mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, akapolowo osalandira kanthu.

Nanga kuno? Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo pabwalo la mfumu timadziwa kuti wolakwa akamwalira kapena akathawa, mwinimbumba ndiye amanyamula nkhuku kapena mbuzi kukapepesa. Kulipira cholakwa cha wina si zachilendo kwa ife.

Vuto ndi loti pa ukapolo, wopereka nkhuku ndi wolandira nthawi zambiri ndi munthu mmodzi. Si onse ogwidwa amene ankapita kugombe. Akazi ambiri ankasungidwa m'midzi ya owagwira n'kukwatiwa komweko, ndipo mafumu ankawafuna dala: mwana wa mkazi wogwidwa analibe malume wodzamutenga, motero ankakhala wa bambo, mudzi n'kumakula. Ndiye mtsikana wogulitsa zitumbuwa pa Songani lero akhoza kukhala mdzukulu wa wogwira komanso wa wogwidwa. Apepese kwa yani? Si Ayao onse ankagwira anthu, ndipo mafumu ena a Anyanja ankagulitsanso anthu awo. Kuuza mtundu wonse kuti ugwade n'kuputa tsankho limene andale athu sachedwa kulikolezera chisankho chikayandikira.

Koma pali ena amene sangazembe choncho, ndiwo olowa dzina. Munthu akalowa ufumu salowa mpando wokha. Amatchedwa dzina la malemuyo, amatenga malo ake ndi ulemu wake, ndipo pofotokoza mbiri amatha kunena kuti "ndinafika kuno" pa ulendo umene unachitika iye asanabadwe. Wolankhula motero za malo angathenso kulankhula motero za anthu amene dzinalo linawagulitsa. Maina a Kawinga ndi Malemia alipobe m'maufumu a Machinga ndi Zomba, monganso ufumu wa Britain ulipobe. Amene ali pamipandoyo lero sanagwire munthu, ndipo palibe angawazenge mlandu. Koma ndi okhawo amene akanena kuti izi zinachitika m'dzina lathu ndipo zinali zoipa, mawuwo angakhale ndi mwini wake.

Mu 2011 Malawi inapereka njira za akapolo ku UNESCO kuti ziganiziridwe kukhala chuma cha mbiri ya dziko lonse, ndipo malo otchuka pa nkhaniyi ndi Nkhotakota ya Jumbe, Karonga ya Mlozi ndi Fort Lister ku Phalombe. Za Chikala ndi Chisi zimamveka mwa apo ndi apo. Mafumu a mbali zonse za Chilwa atakhala pamphasa imodzi n'kufotokozera ana a sukulu amene anathawa, amene anathamangitsa ndi amene anakwatira mnzake pambuyo pake, angayambe ndi midzi ya Malemia imene inathiridwa nkhondo mu 1895.